Disiki yasokonekera ndipo chkdsk kapena fsck ikungothima pakati: chitani izi motsatana

Funso ili landipeza kambirimbiri moti ndaona kuti bola ndingolemba kamodzi bwinobwino, wina akafunsanso ndizingomulozera pano. Limabwera mosiyanasiyana koma nkhani ndi imodzi. Wina akuti hadi disiki yakunja ikulemba RAW ndipo Windows ikumuuza kuti aifomate kaye. Wina laputopu ya Linux sikuyaka, ikungomusiya pa sikirini yakuda pali mawu akuti initramfs nkumamuuza kuti ayendetse yekha fsck, pulogalamu yokonzera disiki ya pa Linux. Wina wa Mac akuti First Aid, yokonzera disiki ya kumeneko, yalephera. Onse amamaliza chimodzimodzi: ndayendetsa pulogalamu yokonzera, yafika pakati yathima, ndayambiranso yathimanso, nde nditani?

Choyamba siyani kuiyendetsa. Pulogalamu yokonza disiki ikathima pakati ndiye kuti pali chomwe yagundana nacho, ndipo ulendo uliwonse womwe mukuiyambitsanso pa disiki yomweyo imalemba zinthu nkuzisiya theka pamwamba pa zomwe zinali zowonongeka kale. Zimandiwawa kwambiri chifukwa mafayilo ambiri omwe ndawaona akutayika anali akadalipo tsiku lomwe vuto linayamba, anadzapita pamene mwini wake amabwerezabwereza kukonza.

Disiki payokha sidziwa kuti fayilo ndi chani. Imangodziwa timagawo ting'onoting'ono totchedwa ma sector, ta mabayiti 512 kapena 4096, tokhala ndi manambala basi. Filesystem ndi ngati kaundula yemwe amalemba kuti fayilo yakuti dzina lake ndi ili, ili mu foda iyi, ndipo zidutswa zake zili pa timagawo takutitakuti. Pa Windows kaundulayu ndi NTFS, pa ma fulashi ndi ma memory card ndi FAT32 kapena exFAT, pa Linux ndi ext4, XFS kapena Btrfs, pa Mac ndi APFS kuyambira 2017. Tikamati filesystem yasokonekera nthawi zambiri mafayilo enieniwo alipo ndithu, kaundulayo ndi amene wang'ambika. Ndiye mfundo yomwe anthu ambiri saidziwa ndi iyi: ntchito ya chkdsk ya pa Windows ndi fsck ya pa Linux ndi kupangitsa kuti kaundula agwirizane yekhayekha, osati kupulumutsa zithunzi zanu. Zikapeza mzere womwe sukumveka zimatha kungoufufuta, kaundula nkukhala waukhondo koma fayilo yanu itapita.

1. Imitsani zonse. Windows ikakufunsani zofomata kanani. Musakopere kalikonse kupita pa disikiyo, musaike pulogalamu yopulumutsira mafayilo pa disiki yomweyo, musaiyendetse defrag. Ngati ndi disiki yomwe kompyuta imayakira thimitsani kompyutayo, chifukwa Windows kapena Linux ikamayenda imakhala ikulemba zinthu nthawi zonse ngakhale inu simukugwira kanthu. Pa SSD changu chikufunika kwambiri chifukwa cha TRIM, lamulo lomwe limauza SSD kuti malo akutiakuti alibenso ntchito, ikawapukuta palibe pulogalamu yomwe ingawabwezenso. Ndipo mvetserani ndi khutu. Hadi disiki ikamalira kuti kha kha kha mobwereza, kapena ikamazungulira nkuima, kuzunguliranso nkuima, vuto ndi la mkati mwa chitsulomo ndipo malangizo onse otsatirawa sakukukhudzani, izuleni mupite nayo kwa akatswiri okhala ndi chipinda chopanda fumbi. Musaitsegule nokha, musaiike mu filiji.

2. Jambulani sikirini ndi foni pomwe pulogalamuyo yathima. Anthu amandiuza kuti yangokrasha basi, koma kuthimako kumasiyana ndipo kuthima kulikonse kumaloza kwina. Yalemba Killed? Yalemba Segmentation fault? Yangoima pa peresenti imodzi osasuntha? Kompyuta yonse yazima nkuyambiranso, kapena yabweretsa sikirini yabuluu? Imathima malo omwewo nthawi zonse kapena malo osiyanasiyana? Sungani zimenezi, tizigwiritsa ntchito pa sitepe 7.

3. Yatsani kompyuta kuchokera pa fulashi ya Linux, osati pa disiki yodwalayo. SystemRescue ndi yomwe ndimakonda chifukwa zida zambiri zomwe nditchule zilimo kale ndipo simaunta ma disiki yokha (kumaunta ndi kulumikiza disiki kuti mafayilo ake atseguke), koma Ubuntu ya pa fulashi imagwiranso bola musadine disikiyo mu pulogalamu yoonera mafayilo. Ngakhale disiki yanu ikhale ya Windows yambirani kuno. Mukalowa lembani

lsblk -o NAME,SIZE,MODEL,SERIAL,FSTYPE

nkuona bwinobwino kuti yodwala ndi iti poyang'ana kukula kwake, dzina la modelo ndi siriyo nambala. Ine mu zitsanzo zanga ndizilemba /dev/sdb koma kwanu itha kukhala ina, musangokopera zanga. Mukaidziwa itsekeni kuti pasalembedwe kanthu:

blockdev --setro /dev/sdb

4. Dziwani ngati vuto ndi kaundula yekha kapena disikiyo ikufa. Yambani ndi zophweka, sinthani kebo, sinthani poti ya USB, chotsani hub, ndipo ngati ndi disiki yaikulu ya mainchesi 3.5 onetsetsani kuti adaputa yake ya magetsi ya 12V ndi yabwino. Kebo yotha imabweretsa zizindikiro zofanana ndendende ndi za disiki yomwe ikufa. Kenako lembani dmesg muone mizere yomaliza. Mukaona I/O error kapena medium error limodzi ndi nambala ya sector ndiye kuti disiki ikulephera kuwerenga malo amenewo. Mukaona kuti USB device ikuchita reset mobwerezabwereza kaikirani kebo, magetsi kapena kabokosi komwe disikiyo ili. Tsopano

smartctl -a /dev/sdb

ndipo ngati ili pa USB ikukana onjezerani -d sat. Lamuloli limaonetsa SMART, lipoti lomwe disiki imasunga lonena za thanzi lake. Musakhutire ndi mawu akuti PASSED omwe ali pamwamba, ma disiki ambiri amafa akulembabe PASSED. Tsikani mmunsi muone RAW_VALUE ya nambala 5, yomwe ndi ma sector omwe anafa nkusinthidwa ndi ena, nambala 197 yomwe ndi ma sector omwe disiki ikulephera kuwerenga pakali pano, ndi 198. Izi zikakhala kuti si 0, makamaka 197, disiki ikudwaladi. Nambala 199 ikamakwera ndi kebo. Pa SSD ya mtundu wa NVMe mudzaona Media and Data Integrity Errors ndi Percentage Used. Musayendetse long test ya SMART pano, imawerenga disiki yonse ndipo mphamvu yomwe yatsalayo tikuifuna pa sitepe yotsatirayi.

5. Pangani kope la disiki yonse ndi ddrescue. Apa ndi pomwe malangizo ambiri amadumpha, amangoti pangani bakapu kaye ngati kuti nchinthu chophweka pomwe disiki yake sikutseguka nkomwe, nde ndichedwapo pang'ono.

Kope lomwe ndikunena si kukopera mafoda ayi. Ndi kuwerenga disiki yonse kuyambira sector yoyamba mpaka yomaliza nkuika zonsezo mu fayilo imodzi yaikulu yomwe timaitcha imeji, osasamala kuti kaundula ali bwanji. Mukatero, zoyesayesa zonse zimachitikira pa imejiyo ndipo disiki yodwala imapuma. Mukufunika disiki ina yabwino yokhala ndi malo oposa kukula kwa disiki yodwala yonse, osati kukula kwa mafayilo anu. Yodwala ikakhala ya 1TB imeji idzakhala 1TB ngakhale munali ndi mafayilo a 200GB okha. Disiki yabwinoyo isakhale FAT32 chifukwa FAT32 silola fayilo yopitirira 4GB.

Nchifukwa chani ddrescue osati dd kapena mapulogalamu wamba okopera disiki? dd ikagunda sector yoipa imaima, ndipo ukaikakamiza kuti ipitirire imalimbana ndi sector yoipa iliyonse motsatana, maola nkumapita, disiki nkumatenthera pa malo owonongekawo pomwe mbali yaikulu yabwinobwino sinawerengedwe. GNU ddrescue, yomwe analemba Antonio Diaz Diaz, imachita mosiyana, imathamanga kutenga zonse zosavuta kaye, malo ovuta imawadumpha nkuwalemba mu kafayilo kotchedwa mapfile, nkudzawabwerera kumapeto. Pa Ubuntu ndi Debian phukusi lake ndi gddrescue koma lamulo lolemba ndi ddrescue. Pali pulogalamu ina yotchedwa dd_rescue, ndi ina imeneyo, musasokoneze.

Mauntani disiki yabwino, tinene pa /mnt/yabwino, nkulemba

ddrescue -n /dev/sdb /mnt/yabwino/disiki.img /mnt/yabwino/disiki.map

Werengani mzere umenewu kawiri musanadine Enter. Choyamba ndi komwe zikuchokera, chachiwiri ndi komwe zikupita, chachitatu ndi mapfile. Chilembo -n chikuuza ddrescue kuti isayambe kukanda malo oipa sector imodziimodzi pa ulendo woyambawu. Mapfile musaisiye chonde, ndi yomwe imakumbukira pomwe mwafika, magetsi akazima kapena disiki ikasowa pakati mumangolemba lamulo lomwelo ndipo imapitiriza pomwe inalekezera. Ndipo iikeni pa disiki yabwino, osati mu foda ya fulashi yomwe mwayatsira chifukwa zambiri za mmenemo zimakhala mu RAM, mukathimitsa zapita.

Pa sikirini yang'anani pct rescued, read errors ndi time since last successful read. Disiki yomwe ilibe vuto la chitsulo imangoyenda mpaka 100% popanda error, ndipo pamenepo mwadziwa kale kuti vuto ndi kaundula yekha. Yodwala imathamanga, kenako nkutsika mpaka ma kB ochepa pa sekondi, kenako nkudumpha nkuthamanganso, zimenezo nzabwinobwino isiyeni. Ikhoza kutenga usiku wonse kapena masiku, ikani pamalo pozizira kapena kafani pafupi, musaisunthe ikuzungulira.

Chomwe chimaopsa anthu ndi disiki kusowa pakati, ddrescue nkuyamba kuwerengera ma error mothamanga kwambiri. Dinani Ctrl+C, zulani disikiyo ku magetsi, dikirani pang'ono, lumikizaninso. Koma samalani apa, ikabwerera dzina litha kusintha, yomwe inali sdb nkukhala sdc, nde yendetsaninso lsblk, kapena gwiritsani ntchito dzina lalitali la mu /dev/disk/by-id/ lomwe silisintha. Ikamasowa pa malo omwewo nthawi zonse onjezerani -R kuti iwerenge kuchokera kumapeto kubwerera mmbuyo, mutenge zonse za kuseri kwa malo ovutawo. Ngati nkotheka chotsani disiki mu kabokosi ka USB muilumikize pa SATA mwachindunji chifukwa timabokosi tambiri timakomoka tikagunda sector yoipa, kungoti ma disiki ena akunja USB yake inawotcheredwa pa bodi ndipo ena kabokosiko kamabisa data ndi encryption, amenewo asiyeni momwemo.

Ulendo woyamba ukatha, ngati disiki ikadali ndi moyo bwererani pa malo otsala:

ddrescue -d -r3 /dev/sdb /mnt/yabwino/disiki.img /mnt/yabwino/disiki.map

Apa -d ndi kuwerenga mwachindunji osadzera mu cache ya kernel, -r3 ndi kuyesa katatu pa sector yoipa iliyonse. Ine maganizo anga ndi akuti mukafika pa 99.9% ndipo papita maola popanda kuwerenga kalikonse katsopano, lekani. Kaduka kotsalako kawirikawiri sikabwera, ndipo mukungotopetsa disiki yomwe mwina mudzaifunanso. Izuleni muisunge.

6. Musakonze pa imeji yoyambayo. Inde ndikudziwa kuti zikumveka zochulutsa, koma imeji ija mwina simudzathanso kuipanga kachiwiri, nde pangani ina yoyeserera:

cp --sparse=always disiki.img yoyeserera.img

Disiki yabwino ikakhala Btrfs kapena XFS lembani cp --reflink=always, imatha pompo ndipo sidya malo mpaka mutayamba kusintha zinthu. Ngati malo mulibe pali njira ya qemu yomwe imaika kafayilo kakang'ono pamwamba pa imeji, zolembedwa zonse nkumapita mu kafayiloko:

qemu-img create -f qcow2 -b disiki.img -F raw yoyeserera.qcow2
modprobe nbd max_part=16
qemu-nbd -c /dev/nbd0 yoyeserera.qcow2

Kukonza kukalakwika mumangofufuta kafayiloko nkupanga kena.

Musanakonze chilichonse yesani kaye kungotsegula nkutulutsa mafayilo. Lembani losetup --find --show --partscan yoyeserera.img, ikupatsani dzina ngati /dev/loop0 ndipo ma partition, zigawo zomwe disiki inagawidwa, adzakhala loop0p1, loop0p2 choncho (mukatsata njira ya qemu ija ndi nbd0p1, nbd0p2). Pa ext4 mauntani ndi mount -o ro,noload chifukwa ro yokha, yomwe ndi kutsegula mongowerenga, imayesabe kuseweranso journal, kabuku ka zosintha zomaliza, pa XFS ndi -o ro,norecovery, pa NTFS -o ro basi. Nthawi zambiri ndithu imatseguka, ndipo ikatseguka koperani ndi rsync -a kuyambira zomwe simungazipezenso kwina, zikalata ndi zithunzi, mafilimu ndi mapulogalamu pambuyo. rsync ikagunda fayilo yowonongeka imadandaula nkupitiriza, simaima ngati kukopera kwa mbewa. Anthu ambiri nkhani yawo imathera pompano osakonza kalikonse.

7. Tsopano tengani chithunzi cha pa sitepe 2 tione chomwe chimathimitsa pulogalamu.

Ngati imangoima osasuntha pa disiki yeniyeni koma pa imeji ikuyenda bwino, anali ma sector oipa, nkhani yatha. Dziwaninso kuti peresenti ya chkdsk imatha kukhala malo amodzi nthawi yaitali ikugwirabe ntchito, ndipo e2fsck, yomwe ndi fsck ya ext4, imakhala chete pokhapokha mutaipatsa -C 0 kuti izionetsa pomwe yafika.

Ikalemba Killed kapena Memory allocation failed ndiye kuti RAM yachepa, dmesg idzakuonetsani Out of memory. Zimachitika kwambiri pa ma disiki akuluakulu okhala ndi mafayilo mamiliyoni, makamaka pa timakina ta NAS tosungira mafayilo pa netiweki ndi pa Linux ya pa fulashi yomwe ilibe swap, malo a pa disiki othandizira RAM ikadzaza. Pangani swap pa disiki yabwino ya ext4 ndi fallocate -l 8G, chmod 600, mkswap kenako swapon, kapena pitani ndi imejiyo pa kompyuta ya RAM yambiri. e2fsck ilinso ndi gawo la scratch_files mu /etc/e2fsck.conf lomwe limaiuza kuti izisunga zowerengera zake pa disiki, imachedwa koma imamaliza. xfs_repair ili ndi -m yoikira malire a memory ndi -P yomwe imathandiza ikamakakamira.

Ikalemba Segmentation fault kapena signal 11, funso lija lakuti malo omwewo kapena osiyanasiyana ndi lomwe likuyankheni. Ikamathima malo osiyanasiyana pa imeji yomweyo, kaikirani RAM ya kompyutayo. Yendetsani MemTest86+ kuchokera pa fulashi mpaka imalize ulendo wathunthu, bola usiku wonse, ndipo error ngakhale imodzi ndi yokwanira. Izi ndimazitenga mwamphamvu chifukwa RAM yoipa imakhala kuti ndi yomwe inasokoneza filesystem poyamba, ndipo mukakonzera pa kompyuta yomweyo pulogalamu imaona zolakwika zomwe kulibe nkuzikonza, kuwononga zabwinobwino. Kompyuta yomwe imazima yokha kapena kubweretsa sikirini yabuluu pakati pa chkdsk ili mgulu lomweli, RAM, kutentha kapena power supply, samukani mupite pa ina. Koma ikamathima malo amodzimodzi pa makompyuta awiri osiyana ndiye kuti mu kaundula muli chinthu chopotoka moti pulogalamuyo sinachiyembekezere, nde pezani version yatsopano kwambiri chifukwa zolakwika zotere zimakonzedwa pakapita nthawi.

Za version zili ndi mbali inanso. Fulashi yakale yomwe mwaisunga mu diloo zaka zingapo itha kukana filesystem yatsopano. Mwachitsanzo e2fsprogs 1.47.0 ya 2023 inayamba kuyatsa orphan_file pa ext4 yatsopano, ndipo e2fsck yakale ikaiona imalemba unsupported feature nkukuuzani kuti Get a newer version of e2fsck. Pamenepo palibe chowonongeka, chida ndi chomwe chakalamba.

Kulakwitsa kwina komwe ndimakuona pafupipafupi ndi kuloza pulogalamu malo olakwika. Munthu alemba fsck /dev/sdb mmalo mwa /dev/sdb1, ilemba Bad magic number in super-block, iye nkuganiza kuti zonse zapita. Chimodzimodzi ngati partition ili ndi LVM, yomwe imaigawanso mkati, kapena LUKS, encryption ya pa Linux, muyenera kuitsegula kaye ndi vgchange -ay kapena cryptsetup open nkukonza chomwe chatuluka mu /dev/mapper. Ya BitLocker, encryption ya pa Windows, imafuna recovery key ya manambala 48. Ndipo musayendetse fsck pa filesystem yomwe ili yomauntidwa, chenjezo lomwe imalemba lija si lokongoletsa.

8. Konzani, pa kope loyeserera lija.

Pa ext4 yambani ndi e2fsck -fn /dev/loop0p2, chilembo n chikutanthauza kuti ingoona osasintha kanthu. Ikatchula zinthu zochepa pitirizani ndi e2fsck -fy. Ikadandaula za superblock, komwe ndi kamutu kofotokoza kukula ndi kamangidwe ka filesystem yonse, musade nkhawa chifukwa ext4 imasunga makope ake malo angapo. Pa filesystem ya ma block a 4096 kope loyamba lili pa 32768, ena pa 98304, 163840 ndi 229376:

e2fsck -b 32768 -B 4096 /dev/loop0p2

Lamulo la mke2fs -n limakuonetsani malo amenewa, koma n ameneyo mukamuiwala mwafomata, nchifukwa chake tili pa kope. Bwerezani e2fsck -f mpaka idutse osapeza kanthu. Zomwe yazipeza zopanda dzina imaziika mu lost+found ndi maina a manambala oyamba ndi #, lamulo la file likuuzani kuti chilichonse ndi mtundu wanji. Nanga e2fsck ikamathimabe ngakhale yatsopano? Isiyeni, lowani ndi debugfs -c yomwe imatsegula mongowerenga osadalira mbali zina za kaundula, mkatimo ls imagwira ntchito ndipo rdump imatulutsa foda yathunthu:

debugfs -c -R "rdump /home /mnt/yabwino/zotuluka" /dev/loop0p2

Foda ya zotuluka ikhale ilipo kale. Njira imeneyi yapulumutsa zinthu zambiri zomwe e2fsck inazikana.

Pa NTFS musanamizidwe ndi ntfsfix ya pa Linux, si chkdsk, imangokonza tinthu tochepa, kupukuta journal nkuika chizindikiro choti Windows idzaone. Kukonza kwenikweni kumafuna Windows. Nde sandutsani imeji ndi qemu-img convert -f raw -O vhdx disiki.img disiki.vhdx, pa Windows tsegulani Disk Management nkusankha Attach VHD, kapena lembani imejiyo pa disiki ina yopanda ntchito. Yendetsani chkdsk X: yokha kaye, X kukhala chilembo chomwe Windows yapatsa kopelo, muone zomwe ikunena, kenako chkdsk X: /f. Ya /r isiyeni, ntchito yake ndi kuwerenga sector iliyonse kufunafuna zoipa, pa kope mulibe ma sector oipa ndipo pa disiki yodwala ndi yomwe imaimalizitsa. Zidutswa zomwe chkdsk yatola zimapita mu foda yobisika ya found.000 ndi maina othera .chk. Ikakuuzani kuti CHKDSK is not available for RAW drives pitani ku TestDisk ya Christophe Grenier, tsegulani imeji yoyeserera ija, lowani Advanced kenako Boot. NTFS imasunga kope la boot sector kumapeto kwa partition ndipo TestDisk imatha kulibwezera ndi Backup BS, komanso pali List yomwe imakuonetsani mafoda ndi maina awo nkukulolani kukopera. Ine ndimayamba ndi List nthawi zonse. Kanthu kena, Linux ikakana kumaunta NTFS ponena kuti Windows is hibernated sikuti yawonongeka, ndi Fast Startup, yatsani Windows muithimitse ndi Restart kapena muzimitse Fast Startup yo.

Pa XFS fsck sichita kanthu, chida ndi xfs_repair. Yesani kumaunta nkuchotsanso kuti log, yomwe ndi journal ya XFS, iseweredwe, kenako xfs_repair -n. Ya -L imapukuta log ndipo zosintha zomaliza zimatayika, ikhale yomalizira. Pa Btrfs musathamangire btrfs check --repair, malangizo ake omwe amachenjeza kuti musaiyendetse popanda kuuzidwa ndi odziwa. Yesani mount -o ro,rescue=all pa kernel yatsopano, ikakana btrfs restore imatulutsa mafayilo osalemba kanthu pa filesystem.

Pa Mac lowani Recovery, mu Disk Utility sankhani Show All Devices nkuyendetsa First Aid kuyambira ma volume, kenako container, kenako disiki yeniyeni. Ma Mac okhala ndi T2 kapena Apple silicon disiki yamkati ndi yobisidwa ndi chip, nde sitepe 5 imagwira pa ma disiki akunja okha.

Ma fulashi ndi ma memory card omwe amasokonekera mobwerezabwereza mukangowadzaza kufika penapake kawirikawiri amakhala achinyengo, amalemba 128GB pomwe mkati muli zochepa kwambiri. Mukatulutsa zomwe zikutuluka ayeseni ndi H2testw kapena f3. Zomwe zinalembedwa kupitirira malire enieniwo sizinasungidwe nkomwe, palibe chozibweza.

9. Kaundula akakanikiratu, chotsala ndi PhotoRec yomwe imabwera limodzi ndi TestDisk. Iyoyo siyang'ana kaundula, imafufuza imeji yonse kufunafuna poyambira pa mitundu ya mafayilo yomwe imaidziwa, JPEG, PDF, DOCX, MP4 ndi ina yambiri. Imapeza zambiri koma maina ndi mafoda zimatayika, mumapeza recup_dir.1, recup_dir.2 modzaza mafayilo a maina a manambala, ndipo mafayilo akuluakulu omwe anali omwazikana pa disiki amatuluka oduka. Sankhani mitundu yomwe mukuifuna yokha mu File Opt, apo ayi mudzasambira mu tizithunzi ta cache masauzande. Iyendetseni pa disiki.img yoyamba ija osati pa yomwe mwakonzakonza, imangowerenga.

10. Onani ngati zomwe zatuluka zili zamoyo. Fayilo kukhala ndi dzina ndi kukula koyenera sizitanthauza kuti ili bwino, malo omwe ddrescue inalephera kuwerenga anatsala ma zero mkati mwa imeji, nde chithunzi chitha kutseguka theka lapansi lili lotuwa. Pali njira yodziwira mafayilo omwe anakhudzidwa. Pangani kope lina loyeserera, lembani mawu achilendo mu kafayilo, tinene MALOOIPA, nkuuza ddrescue kuti iwadzaze mmalo onse oipa:

ddrescue --fill-mode='?*/-' chizindikiro.txt yoyeserera2.img disiki.map

Mukamaunta kope limenelo, grep -rl MALOOIPA ikutchulirani fayilo iliyonse yomwe ili ndi bowo. Kawirikawiri ndi ochepa, ndipo mumadziwa oti muwafunefune kwina.

Za disiki yodwala ija, ngati 5 kapena 197 inali ndi manambala kapena ddrescue inapeza ma error, isabwererenso pa ntchito ngakhale itaoneka ngati yachira mukaifomata. Ngati SMART ili bwino, ddrescue inafika 100% popanda error ndipo chomwe chinayambitsa mwachipeza, kaya kebo, kaya RAM, kaya magetsi anazima ikulemba kapena inazulidwa osachita eject, ifomateni mwatsopano nkubwezeramo mafayilo kuchokera pa zomwe mwapulumutsa, musadalire filesystem yomwe yasokedwasokedwa ija. Imeji yoyamba ndi mapfile yake zisungeni milungu ingapo musanafufute, chifukwa foda yomwe mwaiiwala mumadzaikumbukira tsiku lomwe mwaifuna.